Theka la Kilo la Bwana Kamwaza

Pamsika wina panali bwana Kamwaza, woyendera zakudya za m'mapaketi. Lachinayi lililonse ankatenga paketi ya mtedza wokazinga wa mayi wina wamalonda, Nasibeko, n'kukadzitsekera nayo m'shedi, ati akukayeza. Potuluka, paketi ija inkakhala itafota.

"Mwalemba kilo, koma muli theka! Ndikadzapezanso zotere, ndidzalanda dengu lonse."

Nasibeko ankangoti, "Ndamva, bwana."

Lachinayi lotsatira, mayiyu anabwereka sikelo ya ogula chimanga, n'kuiika pakhomo pa shedi, n'kuyalapo chiguduli.

"Pukutani nsapato apa, bwana."

Bwana anapondapo monyada, paketi atayamba waiponya m'katimo. Muvi wa sikelo unaloza makilo 92, msika wonse ukuona. Patapita nthawi anatuluka chimanjamanja akunyambita milomo, n'kupondanso pomwepo.

"Lasowanso theka!" anakuwa motero.

"Lapezeka, bwana. Taonani muviwo."

Makilo 92 ndi theka! Anthu anafa nalo phwete. Bwana anati ayankhe, koma anangogeya fungo la mtedza.

"Paja mumati paketi iliyonse izinena zoona," anatero Nasibeko, uku akumata kapepala pamimba pa bwanayo: MTEDZA, THEKA LA KILO.