Maboti Awiri a Si Moncef

M'nyumba ya Si Moncef ku Bizerte, tauni ya m'mbali mwa nyanja, nkhani ya boti idayambira pa khofi wam'mawa. Bamboyo adali atangopuma pa ntchito ya njanji, ana onse atakwatira n'kusamukira ku Tunis, ndipo mawondo ake adali atayamba kudana ndi masitepe okwerera kunyumba yawo yam'mwamba. Pamwamba pawo padalinso banja lina lomwe ana ake ankamenya mpira m'chipinda chochezera.

"Naziha," adatero Moncef denga likugunda, "tigulitse bokosi lino. Tigule boti lokoka makoka, tilikonze, tizikhala pamadzi mpaka Mulungu atiitane."

Iye ankayembekeza kukanidwa. Koma mkazi wakeyo adali mwana wa msodzi, ndipo fungo la padoko lidali la kwawo. Adangopukuta manja nati, "Likhale ndi malo ophikira, basi. Koma inuyo ndi kusankha! Chivwende chimodzi mumachigogoda mpaka wogulitsa kuyamba kusinza."

Nyumba sidavute kugulitsa. Dokotala wina wa mano adaigulira mwana wake amene ankakonzekera ukwati, ndipo adagwirizana kuti makiyi aperekedwa nyengo yotentha ikatha. Moncef adagula chipewa choyera, anzake a kumalo omwera khofi n'kuyamba kumutcha Kaputeni asadagule ngakhale chingwe.

Maboti oyenera adapezeka awiri. Loyamba lidali padoko lakale pomwepo, lamatabwa, lotakata ngati mayi wa ana khumi. Mwini wake, Haji Bechir, adali nkhalamba yotopa ndi kukonzetsa injini. Naziha atangolowamo adayeza mazenera ndi chikhatho, naloza pomwe adzaika mbaula, nati, "Lomweli." Lachiwiri lidali ku Ghar el Melh, lachitsulo, lopapatiza koma lanyonga, la mnyamata wina dzina lake Slim amene ankafuna kusiya usodzi kuti ayambe kuyendetsa takisi.

Moncef akagona ankalota lamatabwa, akadzuka n'kukumbuka lachitsulo. Kuti asaoneke wolephera kusankha, adadziuza yekha kuti akuchita zanzeru: azitama boti la uyu pamaso pa uyo, mpaka onse awiri atsitse mtengo.

"Haji, boti lanuli ndi agogo," ankatero akumwa tiyi wa nkhalambayo. "Injini yake ikatsokomola, amphaka onse a padoko amabalalika. Mukadaona la ku Ghar el Melh! Injini yake imangong'ung'udza, mafuta imachita kunyambita."

"Ee?" ankayankha Haji Bechir akusisita ndevu. "Nanga makina okokera khoka?"

"Atsopano, Haji! Ngakhale mwana wa sukulu akhoza kukoka nawo."

Mawa lake ankakwera basi kupita kwa Slim. "Mwana wanga, ichi ndi chitini cha nsomba. Munthu ukayetsemula umagunda mutu kukhoma. La Haji Bechir lija mukhoza kuvinamo ukwati."

"Amalume, ngati lakukomerani lamatabwalo, kagulenitu," adatero Slim tsiku lina, nkhope itachita tsinya. "Tiyi wanga mwamaliza, nthawi yanga mwamalizanso."

"Mawa, Mulungu akalola," adayankha Moncef, monga ankayankhira kwa Haji.

Mawa lakelo lidabala ana ndi zidzukulu. Nkhuyu zidapsa n'kutha, alendo odzasambira m'nyanja adabwerera kwawo, mphepo idayamba kuwomba mozizira. Naziha adali atasoka kale makatani a mazenera amene adayeza aja, katundu yense atamulongedza m'makatoni.

"Bambo a Rim," adatero Naziha masana ena akuika patebulo mbale ya chakudya cha tirigu chotchedwa kusikusi, "kapatseni Haji dzanja lero, malonda athe. Munthu uja wakudikirani mokwanira."

"Iwe sudziwa malonda. Onse awiri ali m'thumba mwangamu. Boti ngati limenelo angagule ndani, kupatula wamisala ngati ine?"

"Amisala m'tauni muno si inu nokha," adatero Naziha.

Mchimwene wa Naziha, Lotfi, mwini sitolo ya utoto, nayenso ankathira mchere. Akakumana ndi Moncef pamsewu ankamuchitira sawatcha. "Alamu a Kaputeni! Lero mwakocheza kuti? Pabasi ya ku Ghar el Melh?"

Tsiku lopereka makiyi lidafika mitambo itada bii kunyanja. Dokotala wa mano adabwera ndi amisiri ake opaka utoto, ndipo padalibenso za mawa. Moncef adavala chipewa chake, nalengeza ngati woweruza kuti wasankha lamatabwa. Adakweza mamatiresi ndi makatoni pa kagalimoto kobwereka kwa Lotfi, natsetsereka kupita kudoko, Naziha ali pambali pake.

Adapeza boti lija lili piringupiringu. Anyamata ankakwezamo matebulo ndi mipando, wina akukhoma chikwangwani cha nsomba zowotcha. Haji Bechir adali chikhalire pampando wake wanthawi zonse.

"Haji, n'chiyani ichi?"

"Lapita, Si Moncef. Wagula ndi munthu wa ku Nabeul, akuti akhale malo odyera. Iye adabwera kamodzi kokha, tiyi wakenso sadamalize. Ine ndidakudikirani mpaka ndevu zina kuyera."

Moncef adayang'ana mkazi wake, amene maso ake adali pa mazenera aja, ndipo mtima udamupweteka kuposa momwe ankaganizira. Komabe adakonza chipewa nakweza mawu kuti onse amve.

"Palibe kanthu! Ndimafunanso lachitsulo. Naziha, kwera, tikupita ku Ghar el Melh."

"Musaononge mafuta," adatero Haji mokoma mtima, akuloza ndi kapu ya tiyi. "Silo apo."

Kuseri kwa boti lamatabwa kudali boti lachitsulo lija, lomangidwa bwino, mwana wa Haji akutsuka pamwamba pake.

"Mudalitama kwambiri, Si Moncef, mpaka ine tulo kundithawa. Ndidati ndikaone ndekha injini yonyambita mafutayo. Ndidapita ndi mwana wangayu n'kuligula, poti simudaname ngakhale pang'ono. Ine ndimaganiza kuti ndatopa ndi nyanja, chonsecho ndidatopa ndi injini. Mulungu akudalitseni. Nsomba zoyamba ndi zanu."

Apo m'pamene mvula yoyamba idagwa, ya madontho akuluakulu. Mamatiresi adamwa madzi, makatoni adafewa, chipewa choyera chidagwera m'makutu. Moncef adathamangira uku kuti aphimbe wailesi, nathamangira uko kuti apulumutse mabulangete, osapulumutsa chilichonse. Naziha adaima chiimire, madzi akuyenderera kumaso, kenaka mapewa ake adayamba kugwedezeka. Moncef adayesa akulira. Koma mayiyo ankaseka, kuseka kogwira m'mimba.

"Mumati tizikhala pamadzi," adatero akupukuta maso. "Si awa madziwo."

Lotfi adawapatsa kachipinda ka pamwamba pa sitolo yake, ka masitepe otsetsereka kuposa aja adawathawa. Adawalandira ndi matawulo ndi msuzi wotentha, ndipo adadziletsa kunena kanthu mpaka mlamu wake atamaliza mbale.

"Kaputeni, takulandirani padoko lathu. Nangula muponye pakona apo."

Nyengo yonse yozizira Moncef adaithera m'kachipindako, akuonera pazenera boti lachitsulo likutuluka ndi kubwerera, mbalame zikulilondola. Kuzizira kutatha kudamveka za boti lina ku Kelibia. Ulendo umenewo Naziha ndi Lotfi ndiwo adapita, Moncef n'kutsala akulondera sitolo. Naziha adaliona m'mawa, masana n'kugwirana chanza ndi mwini wake. M'menemo ndi momwe akukhala mpaka lero, ndipo Moncef amauza aliyense kuti adasankha yekha.

Akuluakulu adanena kale: mapanga awiri avumbwitsa.