Ulaliki wa Pakanema ndi Madzi a Mayi

Tsiku lina Che Sumaili Kalonjere, wapampando wa komiti ya mzikiti wathu ku Ntaja, anafika kwa Shehe Uladi Mtalika, amene anandiphunzitsa Qur'an. Ine ndinali pomwepo. Che Sumaili anali atangoika dishi ya kanema padenga, ndipo chiyambire kuonera alaliki a ku Arabu, athu akunowa anawasandukira ndiwo zopanda mchere.

Atapereka salamu anati, "Shehe, mundikhululukire, koma ndikufuna muleke kulalikira Lachisanu. Mawu anu sagwira mtima. Uja wa pakanema akangoyamba, ine misozi mbwee."

"Ngati alipo wondiposa, ndisiya mokondwa," anatero Shehe. "Tiyeni ndikamumve, nanenso ndiphunzire."

Tinapita limodzi kunyumba kwa Che Sumaili. Pakhonde tinapeza mayi ake a Che Sumaili, okalamba ndi osaona, atakhala pamkeka. Shehe anagwada nawalonjera. Mwana wawo anangodutsa, kuthamangira rimoti.

Kunena zoona, pulogalamuyo inali yokonzedwa mwaluso. Mlaliki ankatsitsa mawu mpaka kunong'ona, kamera n'kumayandikira maso ake onyowa. Kenaka ankaonetsa manda dzuwa likulowa, mawu a amuna akung'ung'udza chapansipansi. Che Sumaili ankalira ngati ali pamaliro. Panja mayi aja anaitana, "Sumaili, madzi a udhu ndidziyeretse, nthawi yopemphera swala ikupita." Iye anangokweza voliyumu. Zinandipweteka kwambiri.

Shehe anafunsa, "Che Sumaili, kodi akunena chiyani bamboyu?"

"Chiarabu chake n'chothamanga, sinditolapo zambiri. Koma mtima ukumva, Shehe."

"Mtima ukumva kamera ndi kung'ung'udzako, ndipo amene anazikonza amaidziwa ntchito yawo. Sindikumunyoza mlalikiyu, akunena zoona zokhazokha. Mundilole ndikumasulireni?"

"Masulirani, Shehe."

Nthawi yomweyo mayi aja anaitananso, mawu atatopa. Shehe anadzuka, natenga ketulo ya madzi imene inali pakhomo, n'kuiika m'manja mwa Che Sumaili.

"Mlalikiyu akunena za munthu amene analirira mayi ake kumanda, chonsecho ali moyo sankawayankha akamaitana. Za Lachisanu mukambirane kukomiti, ine sindikaniza. Koma uyu wa pakanema adzamubwereza mawa, ndi misozi yake yomwe. Awo ali pakhondewo palibe amene adzakubwerezereni."