Filimu Imene Wendell Anakana Kudula

M'kachipinda kopanda zenera mumzinda wa Burbank, Wendell Pruitt ankakhala kumbuyo kwa Marisela Quintero, khofi m'manja, maso pa filimu yake ngati mayi pa khanda. Iye ndiye anatsogolera kujambula. Marisela ntchito yake inali kudula ndi kulumikiza zithunzizo. Filimuyo inali ya maola anayi, pamene eni kampani yopanga filimuyo ankafuna awiri. Pangano linali lakuti Wendell asankhe yekha zodula, koma anthu oitanidwa kudzaionera koyamba akaikana, lumo lipita kwa eni kampani.

"Apa mayiyu akungoyendetsa galimotopa tichotsepo," anatero Marisela.

"Chemwali, taonani kuwala kwa dzuwako. Tinapsa nalo m'chipululu kuti tikupeze."

"Nanga phwandoli?"

"Umenewo ndiye mtima wa nkhani."

"Bwana, filimu yanuyi ili ndi mitima ingati? Dzulo munati mtima ndi maliro aja. Munthu sagula tikiti chifukwa choti inu munavutika."

Wendell anangoseka. Makutu ake anali okongoletsa mutu chabe. Chimene Marisela wachotsa m'mawa, iye ankachibwezera masana, moti pofika tsiku loonetsa filimuyo anali atangoimeta m'mbali.

Tsikulo Wendell anakhala pa mpando wakumbuyo. Poyamba anthu ankaseka pomwe iye ankafuna. Kenaka mipando inayamba kulira, anthu n'kumatuluka mmodzimmodzi ngati opita kuchimbudzi, osabweranso. Pofika mapeto amene ankawanyadira, pamene mayi wa m'nkhaniyo akusiya mwamuna wankhanza n'kukwera basi yekha, m'holomo munatsala anthu owerengeka, ena ali m'tulo.

Eni kampani sanakalipe. Anamugwira chanza, n'kumuuza kuti akapumeko. Filimu anaipereka kwa wodula wina amene Wendell sanamuonepo nkhope, ndipo ntchito ya Marisela inathera pomwepo.

Itatuluka, Wendell anagula tikiti ngati wina aliyense. Inali yaifupi, yothamanga, holo yodzaza. Koma mapeto a basi aja munalibe. Wodula uja anatenga chithunzi cha koyambirira, mayiyo akukumbatirana ndi mwamuna wake, n'kuchiika kumapeto, nyimbo yachikondi ikulira. Anthu anawomba m'manja, ndipo dzina la Wendell linatuluka m'zilembo zikuluzikulu pa nkhani imene sananene. Zinamuwawa kwambiri, koma womudandaulira panalibe.

Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.