Pasiwedi ya pa Khoma la Siwa

Panali munthu wina, telala wa pamsika, amene pakamwa pake mawu oti ayi ankatuluka movutikira. Pakhomo pake panali kabokosi ka wayifayi, kamene mlongo wake Esinati adatumiza kuchokera ku Joni kuti aziona nkhope za makolo ake pa foni.

Chaka china mayi awo adamwalira. Esinati sadabwere, poti mapepala ake sadali bwino, ndipo akadatuluka sakadaloledwa kubwerera. Pamaliro anthu adadzaza bwalo, aliyense akufuna kudziwitsa abale akutali. Ankabwera mmodzimmodzi kudzamunong'oneza telala uja kuti awauze pasiwedi. Iye, misozi ili m'maso, adatola khala n'kuilemba pakhoma la nyumba ya siwa ndi zilembo zikuluzikulu. Pamenepo sadalakwe. Maliro n'kulirana, ndipo wodzalira nawe summana kanthu.

Tsiku losesa, phulusa lidatayidwa, mabenchi adabwerera kutchalitchi, mphasa zidapindidwa. Zilembo zija zidatsala. Telala ankaziona m'mawa uliwonse, koma dzanja linkamulemera. Kwa iye kufufuta kunali ngati kupirikitsa anthu amene adagona panja chifukwa cha mayi ake.

Tsono pasiwedi ilibe miyendo, koma kuyenda imayenda. Idachoka kwa olira n'kufika kwa ogulitsa tomato, kwa a kabaza, mpaka kwa anthu amene malemuwo sankawadziwa n'komwe. Kuseri kwa mpanda wake kunkadzaza ngati pamjigo, mitu ili zyoli, ena akuonera mpira, ena magule.

Amene zidawagwera ndi bambo ake, a Jailosi, nkhalamba yotsala yokha. Esinati ankaimba Lamulungu masana, nthawi yokhayo imene abwana ake ankampatsa mpata. Koma poti anthu aja ankapanikiza wayifayi, nkhope yake inkangotulukira n'kuuma, kukamwa kuli yasa, mawu n'kuduka. Nkhalamba inkagwedeza foni, kuipukuta ndi malaya, kenako n'kuiika pansi mwakachetechete. Chichitikire maliro, bambo ndi mwana wawo wamkaziyo anali asanalire limodzi.

Lamulungu lina foni itadukanso, a Jailosi adafunsa, "Mwana wanga, kodi mlongo wako ndidamulakwira chiyani? Akangondiona amadula."

Mawuwo adamulasa telala mumtima. Adamva chisoni, adamvanso manyazi, poona kuti ulemu wake kwa anthu akunja wachititsa bambo ake kuganiza kuti mwana wawo wawataya.

Sadapite kuseri kwa mpanda kukakalipira munthu. Adatenga foni yake, n'kulowa mmene amakonzera kabokosi kaja, n'kuikamo makomo awiri. Loyamba lidali la alendo, lokhala ndi pasiwedi yomwe ija ya pakhoma, koma lopapatiza: uthenga unkadutsa, mpira ayi. Lachiwiri adalipatsa pasiwedi yatsopano, n'kulamula kuti lizilola foni ziwiri zokha, yake ndi ya bambo ake. Imeneyi sadauze ngakhale mnzake wa pondaapanane-mpondepo.

Anthu ena adanyinyirika kuti telala wayamba matama. Zidamupweteka, poti sadazolowere kunenedwa, koma adapirira.

Lamulungu lotsatira nkhope ya Esinati idabwera yonse, ikuphethira, ikulankhula. Adayamba kulonjera bambo ake, koma adangoyamba kulira. Nkhalamba idagwira foni ndi manja awiri, ndipo awiriwo adawalira mayi aja mpaka mitima idakhala pansi. Telala adatuluka n'kuwatsekera chitseko.

Abale anga, ambiri a ife sitilakwa chifukwa cha kuuma mtima. Timalakwa chifukwa cha manyazi okana. Alendo alandireni ndithu, khonde ndi lawo. Koma nyumba yopanda chitseko cha kuchipinda imazunza eni ake, makamaka ofooka, amene sadziwa kudandaula. Mukafika kwanu lero, muyang'ane amene wakhala duu m'nyumba mwanu, ndipo mudzifunse ngati zimene mukugawira anthu apanja si zake.