Kagalu ka a Fawwaz pa Tsiku la Khofi

A Fawwaz anakulira m'mapiri a ku Karak, kumbuyo kwa nkhosa za bambo awo. Koma atatsegula sitolo ya matailosi mu Amman n'kupeza nyumba pansanjika yachinayi, mphuno yawo inayamba kudana ndi fungo la nkhosa ngati sinalimvepo. Mkulu wawo, a Mifleh, amene anatsala kumudzi ndi ziweto, akabwera kudzacheza ankakhazikidwa kukhitchini kuti angadetse mipando ya pabalaza.

Tsiku lina a Fawwaz anaona dokotala wa mano wa m'nyumba yapansi akuyenda ndi galu pachingwe, anthu akumupatsa moni waulemu. Mtima unawauluka. Pasanathe sabata anabwera nako kagalu kochokera kunja, ka miyendo yaifupi, makutu ali njo, nkhope ngati ya nkhandwe. Anakatcha Basha.

"Bambo a Thaer, galu m'nyumba imene timaswaliramo?" anafunsa akazi awo, powatchula ndi dzina la mwana wawo woyamba.

"Uyu si galu wa kumudzi, mayi. Uyu ndi wa anthu ophunzira. Mudzazolowera."

A Mifleh atabwera ndi mkaka wouma wophikira mansafu, chakudya cha nyama ndi mpunga, anakhala kukhitchini kuja n'kumakayang'ana kagaluko. Kanali katagona pakhomo, chibwano pansi, maso pa Dalal, mwana wamkazi wa a Fawwaz. Dalal atanyamuka kuti atuluke, kanamuzungulira n'kumubweza, kakumugwiragwira kuchidendene.

"Iwe Fawwaz, wathawa ubusa n'kukagula m'busa," anatero a Mifleh akuseka. "Miyendoyi si yokongoletsa ayi. Anaifupikitsa kuti ng'ombe ikaponya mwendo izimuphonya. Galu wotere akasowa nkhosa amadzipangira nkhosa zake. Ndipatse ndipite naye, apo ayi uzimuthamangitsa m'mawa ndi madzulo mpaka lilime lituluke."

"Achimwene, inu chilichonse cha miyendo inayi mumangoonapo khola. Za m'tauni tisiyireni ife."

Kuthamanga a Fawwaz sakanatha, mimba inali itawatsogolera kale. Basha ankangokhala m'nyumba tsiku lonse, mphamvu zikumuwira. Ankauwa chikepe chikakwera, n'kuuwanso chikatsika. Anatafuna mphonje za kapeti, anang'amba sokosi za wokonza mipopi. Mayi a Thaer anafika poyenda m'nyumba mwawo momwe atavala nsapato zotseka. A Fawwaz zonsezi ankazitcha masewera, ndipo ankazifotokoza kusitolo monyadira ngati mwana wawo wakhoza mayeso.

Tsono Dalal anali ndi mnyamata wake, Laith, wa ku tauni ya Salt. Zaka ziwiri bambo ake akuzengereza, akufufuza ngati banjalo linali loyenera munthu wa matailosi. Pomaliza anavomera, tsiku n'kuikidwa: Lachisanu masana, akuluakulu a kwa Laith adzabwera kudzapempha mbeta. Zimayenda modziwika. Mtsogoleri wa alendo amapatsidwa khofi, iye n'kumuika pansi osamwa, n'kunena chimene abwerera. Eni nyumba akati "imwani khofi wanu", ndiye kuti mkazi aperekedwa.

"Ababa, ndakugwirani mwendo," anatero Dalal m'mawa wa tsikulo. "Basha akakhale kwa dokotala lero lokha."

"Ndibise galu wanga ngati ndinaba? A ku Salt aone kuti akukwatira m'nyumba yotani."

Anamumanga kansalu kofiira m'khosi n'kumuika pakhonde, kuseri kwa chitseko chagalasi, pamene mlendo aliyense akanamuona. A Mifleh, amene mwa ukulu wawo anayenera kuyankha alendo, anapatsidwa mpando wa kumapeto, pafupi ndi nsapato.

Analowa amuna makumi atatu, ambiri atavala mikanjo yoyera, patsogolo pali a Haji Mutlaq, amalume ake a Laith, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Kuseri kwa galasi Basha anasiya kuuwa. Anagona pansi, thupi lonse likunjenjemera. Chibadwire anali asanaonepo gulu loyera lalikulu chotero, ndipo linali lomwazikana m'chipinda monse popanda woliyang'anira.

Khofi anathiridwa, a Haji anamuika patebulo. M'chipindamo munatentha, ndipo a Fawwaz, poona kuti palibe amene wayamikira galu wawo, ananyamuka okha n'kutsegula chitseko cha pakhonde kuti mulowe mphepo.

Basha anayamba ntchito. Anathamanga m'mbali mwa khoma, kuseri kwa mipando, akuuwa mwachidule, uku akugwira mkanjo, uku chidendene. Amuna olemekezeka, ena aphunzitsi, ena asilikali opuma, ananyamuka akukweza mikanjo kuti malovu a galu angawadetse, n'kumabwerera m'mbuyo mpaka anaunjikana pakona ya kabati. Kunena zoona, kagaluko kanaigwira bwino ntchito yake. Anatsala pakati ndi a Haji okha, atatsamira ndodo, chifukwa munthu wa msinkhu wawo sathawa galu. Kwa Basha imeneyo inali nkhosa yamakani. Anawazungulira n'kuwaluma kumbuyo kwa phazi. Nkhalambayo inagwira tebulo, kapu inagubuduka, khofi n'kutayikira pakapeti.

A Mifleh ndi amene anadzuka pampando wawo wa kunsapato, n'kukagwira kagaluko pakhosi ndi dzanja limodzi. Kanangoti zii.

"Ndi masewera chabe, Haji, sakudziwani," anatero a Fawwaz, thukuta lili kamukamu. Anathira khofi wina. "Imwani khofi wanu. Imwani, mwana ndi wanu."

A Haji anayang'ana magazi amene anali kufalikira m'mphepete mwa mkanjo wawo, kenako anayang'ana kapuyo.

"Ndimwe chiyani, bambo a Thaer? Sindinapemphe kanthu." Analankhula motsitsa, mopanda mkwiyo. "Galuyu alibe mlandu. Nafenso tinaweta, timamudziwa m'busa tikamuona. Kodi panalibe wokuuzani chimene mukusunga m'nyumba muno?"

A Mifleh anangoyang'ana pansi.

"Tidzabweranso Mulungu akalola," anatero a Haji.

Aliyense m'chipindamo anadziwa tanthauzo lake. Mtsogoleri wa ulendo wotere akakhetsedwa magazi m'nyumba ya eni mbeta, abale ake onse akuona, palibe wa mtundu wake amene angakwerenso masitepe amenewo. Anatuluka mmodzimmodzi, Laith pambuyo, nkhope ili pansi.

Kuchipinda chamkati amayi anali atakonzeka kuimba nthungululu, mathireyi a kunafa, makeke otsekemera a pachikondwerero, ali m'manja. Dalal anatulukira atavala diresi lake latsopano, nayang'ana mipando yopanda anthu ndi kapu yodzaza patebulo.

"Ababa, munkafuna amuone galu wanu," anatero. "Amuona."

A Fawwaz anangokhala pansi. Anauzidwa ndi mkazi, anauzidwa ndi mkulu wawo, anapemphedwa ndi mwana, koma makutu anatseguka banja la mwanayo litathera pakapeti. Akuluakulu sananame: wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu.