Miyala Yosalala m'Nkhokwe ya Nasimango

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi pomwe unabadwira. Uwu unabadwira kuseri kwa nyumba ya Nasimango, mayi wina wa m'tsinde mwa phiri amene sankatha kuona chinthu osafunsa.

Wailesi italengeza kuti kukubwera namondwe, Nasimango sanakhale pansi. Ankadziwa kuti magetsi akathima chigayo nacho chimagona, ndiye anagayitsiratu chimanga chonse. Anagula makala, makandulo ndi mchere, machesi nawatsekera m'botolo. Zonsezi anaziika m'kanyumba kosungiramo zinthu kamene amuna ake, a Dzimbiri, anamanga pamalo otsika chifukwa mchenga unali pomwepo. Ufawo ndiwo unali moyo wa ana awo mpaka mvula itakata.

Akusesa m'kanyumbamo, Nasimango anaona miyala yobulungira, yosalala ngati mazira.

"Bambo a Tiyese, miyala iyi anaisalaza ndani? Kuno kulibe mtsinje."

"Aaa, mwayambanso! Mwala ndi mwala basi. Mukufuna ndikafunse kwa agogo ake?" anayankha a Dzimbiri akuseka.

Koma funso likamugwira Nasimango silinkamusiya. Anatuluka n'kuyamba kulondola miyala ija. Inadutsa m'munda wa chinangwa, inapyola pa tsinde la bango louma, inakwerabe mpaka pa mng'alu wa phiri. Atatembenuka n'kuyang'ana kumunsi, anaona zoopsa! Njira yonseyo inkaloza pakhomo pa kanyumba kake.

Anatsika chothamanga. "Bambo, tamanga m'khwawa! Tisamutse katundu."

"Khwawa limenelo linauma ine ndisanamere ndevu. Makalawo musawakhudze."

Nasimango sanalimbane nawo. Anasenza yekha ufa, nyemba ndi botolo la machesi kupita nazo m'nyumba yaikulu ya pamtunda, uku anansi akumuseka.

Namondwe anafika masana dzuwa likadayenera kuswa mtengo. Magetsi anathima, mitengo inagwa, kenaka kuphiri kunamveka mkokomo. Madzi ofiira anatsika ndendende mmene munadutsa miyala muja, ndipo kanyumba kaja kanapita ndi makala omwe. A Dzimbiri anangogwira pakamwa, manyazi atawagwira. Ana anadya phala lophika pa zidutswa za mpando wothyoka, koma anadya.

"Munadziwa bwanji, mayi a Tiyese?" anafunsa a Dzimbiri.

"Ndinangofunsa miyala. Ife tinaiwala, koma madzi saiwala khwawa."

Mwambiwu ukutanthauza kuti chinthu chimabwerera m'njira yake yakale ngakhale patapita zaka, ndipo munthu naye sachedwa kubwerera ku chizolowezi chake. Tsono musanaike chuma chanu pamalo, kapena mtima wanu pa munthu, yambani mwafunsa zomwe zinkadutsapo kale. Ngati mukukayika, dziwani kuti mvula itatha Nasimango anapeza a Dzimbiri akukumba maziko pamalo omwe aja, ati mchenga uli pafupi.