Mwana wa Gologolo Amene Ankakana Masuku

Kale, nyama zikadali kuyankhulana, m'tsinde mwa phiri lina munali nkhalango ya misuku. M'mphako ya msuku waukulu munkakhala Gologolo ndi mwana wake mmodzi, ndipo pansi pa mtengo womwewo pankadyera Nguluwe ndi ana ake. Pusi naye ankapumira pomwepo akamachokera ku maulendo ake osatha. Vuto linali kwa Gologolo: mawere ake anali atayamba kuuma, koma mwana wake ankakana chakudya china chilichonse.

Gologoloyu anali wamantha, ndipo mantha akewo anali ndi pochokera. Anabereka ana atatu. Awiri anatuluka tsiku lina iye atapita kokamwa madzi, nakadya tizipatso tofiira ta patchire, ndipo dzuwa lisanalowe onse awiri anali atatsikira kuli chete. Wotsalayo anamutcha Katsala, nalumbira kuti ameneyu sadzaponda pansi, ndipo sadzaika m'kamwa kanthu kamene mayi ake sanakafufuze.

Nyengo ya masuku inafika pamodzi ndi mitambo ya mvula yoyamba. Masuku akupsa ankagwa okha, phu! phu! ndipo fungo lake lokoma linadzaza nkhalango yonse. Gologolo ankadzuka m'mamawa n'kumasankha suku limodzi mwa ambiri, lopanda banga, losaboola mbozi. Ankalinunkhiza, n'kulitembenuza, n'kulinunkhizanso. Iye mwini ankangotafuna kanthu ali chiimire panja kuti asachedwe, kenako n'kuthamangira m'mphako.

"Idya, mwana wanga," ankatero maso ali tong'o pakamwa pa mwanayo. "Pang'ono pokha. Ukamva kuwawa ulavule msanga. Wamva? Ulavule!"

Katsala ankayang'ana sukulo, n'kuyang'ana nkhope ya mayi ake. Kenako ankatseka pakamwa kuti gwa, n'kutembenukira kumdima. Mayi ake anayesa nthudza, anayesa matowo, anayesa mpoza wofewa bwino, koma zonse zinkathera kufotera pakona.

Posakhalitsa nthiti za mwanayo zinayamba kuonekera. Ubweya wa kumchira unkathothoka, ndipo kulira kwake kunasanduka kung'ung'udza kosamveka patali. Akayamwa sankapeza kanthu, ankangogona bere lili m'kamwa. Gologolo ankaika khutu pachifuwa chake kawirikawiri kuti amve ngati akupumabe.

Pansi pa mtengo zinthu zinali zina. Nguluwe, mayi wa phokoso ndi wosasamala za ulemu pakudya, ankafukula masamba ndi mphuno, tiana take ta mizeremizere tikumutsatira. Onse ankapsipa masuku mokuwa, kulavula njere uku ndi uko, kulandana, kugubuduzana.

"Amake Katsala!" anafuula Nguluwe tsiku lina m'kamwa muli tho. "Tsitsani mwanayo adzadye ndi anzake. Masuku akuwola awa!"

"Zikomo, achemwali," anayankha Gologolo ali pakhomo pa mphako. "Wanga sangadye zotola pansi, zoyendapo nyerere."

"Nyererezo ndi zimene zimadziwa lotsekemera," anatero Nguluwe, naseka mpaka kutsamwa.

Gologolo sanaseke. Anabwerera mkati akudzifunsa kuti mayi angaseke bwanji ana ake akudya zinthu zosafufuza.

M'mawa mwake Pusi anatera panthambi ya pafupi ndi mphako, akunyambita zala. Pusi anali wonyada. Chilichonse cha kwawo ankachinyoza, cha kutali ankachitamanda. Anasuzumira mkati, naona mwanayo ali lambalamba, napukusa mutu.

"Achemwali, mwanayu sakudwala ayi. Ndi wochenjera. Ndani angatsegulire pakamwa masuku, chakudya cha nguluwe ichi?"

"Nanga ndimupatse chiyani, achimwene? Zonse za m'nkhalango muno wakana."

"Tsidya la mtsinje kuli dimba la anthu," anatero Pusi. "Kuli mapapaya ofiira mkati, ofewa osafuna dzino. Mwana akangolawa limenelo, mudzachita kumuletsa." Za galu wolondera dimbalo Pusi sanatchule, poti iye akadumphira m'mitengo galu sankamupeza.

Gologolo anali asanasiyepo mwana wake nthawi yaitali. Anatuluka, nabwerera, natulukanso. Atamuyang'ana kachitatu, naona mmene mimba yake inalowera mkati, anatola timitengo ndi masamba natseka pakhomo pa mphako. "Usasunthe, Katsala. Usasuzumire kunja. Ndikubwera pompano."

Anawoloka mtsinje podumpha pamiyala, madzi ali ochepa. Dimba analipeza monga ananenera Pusi, ndipo anakwera mtengo wa papaya. Anabenthula chidutswa chachikulu cha papaya lakupsa nachiluma bwino. Koma atangotsika, galu anatulukira m'mizere ya chimanga ngati mphepo.

Gologolo analiyatsa liwiro. Ankamva mpweya wotentha wa galu kumsana kwake, ndipo atafika pampanda wa minga anangodziponya pakampata. Mano a galu anatseka kuti khapu, natsala ndi nsonga ya mchira wake. Ululu unamubaya mpaka kumutu, koma papaya sanalitaye.

Atafika pamtsinje anaima kakasi. Mvula inali itagwa kuphiri iye ali kudimba, ndipo miyala yonse inali itamira m'madzi ofiira othamanga. Mphepo nayo inali itayamba kuwomba mwamphamvu, mitengo ya tsidya lija ikuwerama. Gologolo anaganiza za timitengo tija anatsekera pakhomo, za njoka zimene zimafuna pouma mvula ikamagwa, ndi za kabawi amene amazungulira m'mwamba mvula ikakata.

Anathamanga kumtunda, nabwerera kumunsi, osapeza powolokera. Dzuwa linapendeka iye akadali pagombe. Potsiriza anaona mkuyu umene nthambi yake inatambalala pamwamba pa madzi, nakwera mpaka kunsonga. Anadumpha, koma mchira wovulala uja sunamuwongole bwino, ndipo anagwera m'mabango a m'mphepete, theka la thupi lili m'madzi. Pofuna kupuma anatsegula pakamwa, papaya lija n'kupita ndi madzi.

Sanalilire n'komwe. Anakwawa kutuluka m'mabango, nathamangira kumsuku wake ali chinyowere. Ali patali anaona kuti pakhomo pa mphako pali pululu, timitengo tonse titauluka. Anakwera, nalowa, nafufuza pakona paliponse. Munalibe mwana.

"Katsala! Katsala, mwana wanga!" Ananunkhiza pansi pa mphako kufuna fungo la njoka. Anatuluka nayang'ana kumwamba kufuna kabawi.

Apo m'pamene anamva phokoso lija la masiku onse pansi pa mtengo. Anayang'ana. Pakati pa tiana ta Nguluwe panali kanthu kakang'ono, kowonda, katakhala pamiyendo yakumbuyo. Kanali katagwira suku ndi manja awiri, masaya ali nyambinyambi, kakupsipa njere monga ankachitira anzakewo.

Gologolo anatsika ngati wagwa. "Lavula! Katsala, lavula msanga! Wakupatsa ndani?"

Mwanayo anadzidzimuka. Anayang'ana nkhope ya mayi ake, nataya sukulo, natseka pakamwa kuti gwa. Tiana ta Nguluwe nato tinasiya kutafuna.

"Palibe wamupatsa," anatero Nguluwe, ndipo ulendo uno sanaseke. "Mphepo itachotsa zotsekera zanu, anasuzumira, n'kutsika yekha mogwa modzuka. Anakhala apo nthawi yaitali akungotiyang'ana. Kenako anatola limodzi. Limene mwamutayitsali ndi lachingati kaya."

"Akanatola zakupha zija bwanji?" anafunsa Gologolo. "Inu simudziwa, achemwali. Simunaikepo mwana m'manda."

"Ndinaikapo," anayankha Nguluwe motsitsa mawu. "N'chifukwa chake anga sindiwasiya m'mbuyo. Tchire la tizipatso tofiira lija timadutsapo tsiku lililonse, ndipo amaona ine ndikutembenuza mphuno. Nanga mwana amene sanaonepo chimene mayi ake amadya, adzadziwa bwanji chimene mayi ake amakana?"

Mawuwo anamulasa Gologolo pamalo pamene panali pasanapole. Anakumbukira kuti awiri aja nawonso anali asanatulukepo naye kokadya. Anakhala pansi, misozi ili chuchuchu.

Nguluwe anakankha suku limodzi ndi mphuno mpaka linafika pamapazi pake. Linali lotola pansi, lakuda mbali imodzi, ndipo kanyerere kankayenda pamwamba pake. "Mwanyowa, mwavulala, ndipo m'mimba mwanu mukulira mpaka ndikumva ndili kuno. Musamuuze kanthu mwanayo. Musamuyang'anenso. Ingodyani."

Gologolo analitola. Manja ake ankafuna kulitembenuza ndi kulinunkhiza monga mwa masiku onse, koma anangouzira kanyerere kaja n'kuluma. Khungu linasweka, madzi otsekemera nadzaza m'kamwa. Apo m'pamene anazindikira kukula kwa njala yake. Anamaliza limenelo, natola lina, maso atawaloza dala kumbali, ngakhale khosi linkamukoka kuti acheuke.

Anamva kaphazi kakusendera pafupi. Kenako kanthu kofunda kanatsamira m'nthiti mwake.

"Amayi," anatero Katsala ndi timawu tating'ono, "kani inunso mumadya?"

Gologolo anangogwedeza mutu, akutafunabe. Mwanayo anatambasula dzanja, nabenthula pa suku lomwe mayi ake anagwira, naika m'kamwa. Tiana ta Nguluwe tinayambiranso phokoso lawo, ndipo njere zinayamba kuuluka mbali zonse.

Madzulo amenewo Gologolo sanakhazikike. Ankagwira pamimba pa mwanayo, n'kumununkhiza m'kamwa, n'kumufunsa ngati pena pakupweteka, mpaka Katsala anagona mafunso ali mkati. Kutacha, mwanayo ndiye anayamba kudzuka. Anagwedeza mayi ake nati, "Tiyeni pansi, anzanga ayamba kale."

Mantha a Gologolo sanathe, ndipo nsonga ya mchira wake sinamerenso. Tsamba likagwa ankadzidzimukabe, mthunzi ukadutsa ankakumbatira mwana wake. Koma kuyambira tsiku limenelo ankatsika naye limodzi, n'kumadya pamaso pake zimene nkhalango yawo inabereka pa nyengo yake. Masuku asanathe m'mitengo, nthiti za Katsala zinali zitabisika, ndipo ankalimbirana chakudya ndi tiana ta Nguluwe ngati mmodzi wa ito.

Phunziro: Mwana amayamba kudya ndi maso. Chimene kholo likudya mosangalala pamaso pake, nayenso amachifuna. Chimene likumupatsa ndi nkhope ya mantha, amachikana ngakhale chitachokera kutali. Musafune mankhwala tsidya la mtsinje musanakhale pansi n'kudya ndi mwana wanu zimene zili pakhomo.